Si aliyense wakudya masana amene wachepa Imani



Ramadhan ikamayandikira, mafunso amene amabwera ku madrasa kuno kwa Kapichi amakhala omwewo chaka ndi chaka. Kodi jakisoni amamasula? Kodi mswachi masana ndi wololedwa? Nanga kumeza malovu? Awa amafunsidwa mokweza, pagulu, ena nkumaseka. Koma pali funso lina limene silifunsidwa pagulu. Limabwera anthu atabalalika, ndi mawu otsika, ndipo kawirikawiri wofunsayo amati akufunsira m'bale wake: munthu amene amatsegula m'mimba kwa miyezi, nthawi zina ndi magazi, amene akadya m'mimba mumapota, akapanda kudya amanjenjemera, ameneyu atani mwezi uno?

Tiyankhe pomwe pano, kuti amene safika kumapeto apite nalo yankho. Munthu amene matenda a m'matumbo amugwira mwamphamvu asasale. Adye masana, amwe madzi, amwe mankhwala ake pa nthawi yake, ndipo a pabanja pake amuphikire mosadandaula, osati ngati m'nyumbamo mwalowa chochititsa manyazi. Masikuwo adzabweza akapeza bwino. Sharia inaimaliza nkhani imeneyi zaka zoposa 1,400 zapitazo. Amene tikuikokakoka mpaka lero ndife, ndi maso athu, ndi pakamwa pathu, ndiponso ndi kusawadziwa matendawa.

Kusadziwako kumayambira pa dzina. Kuno chilichonse chopweteka pakati pa chifuwa ndi chiuno timachitcha maalsa. Wina akumva kutentha pamtima, maalsa. Wina akuchita chimbudzi cha magazi, maalsa. Ndipo chiphunzitso chathu ndi chimodzi: maalsa amabwera ndi njala, mankhwala ake ndi mkaka ndi kusiya tsabola. Zilonda za m'chifu zilipodi. Koma madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anaonetsa m'zaka za m'ma 1980 kuti zambiri mwa izo zimayamba ndi bakiteriya wotchedwa Helicobacter pylori, amene amafa ndi mankhwala a sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo mu 2005 analandira mphoto ya Nobel pa ntchitoyi. Zilonda zina zimayamba ndi mapiritsi a ululu omwe timangogula pa okala. Choncho munthu akhoza kuzunzika zaka khumi ndi chinthu chochizika m'masiku 14, chifukwa choti anachitcha dzina yekha nkukhala nacho pakhomo.

Matenda amene tikufuna kukhalapo lero ndi ena, a m'munsi mwa chifu. Achipatala amawatcha IBD, kutanthauza kutupa kwa matumbo kokhalitsa, ndipo ali mitundu iwiri. Woyamba ndi ulcerative colitis, umene umagwira thumbo lalikulu kuyambira kotulukira chimbudzi kukwera m'mwamba; dokotala wa ku London, Samuel Wilks, analemba za iwo mu 1859. Wachiwiri ndi Crohn's, dzina lochokera kwa Burrill Crohn, amene ndi anzake awiri anaufotokoza ku New York mu 1932. Uwu ungagwire paliponse kuyambira mkamwa mpaka kumapeto, ndipo umatha kuchepetsa njira ya thumbo kapena kuliboola kumene. Pa mitundu yonse iwiri, chitetezo cha m'thupi, chimene ntchito yake ndi kulimbana ndi tizilombo, chimatembenukira khungu la mkati mwa thumbo la mwini wake, kulitupitsa mpaka kutuluka zilonda. Si matenda opatsirana. Mukhoza kudya naye mbale imodzi. Sanalodzedwe. Amakonda kuyamba pakati pa zaka 15 ndi 35, msinkhu wa ana athu a ku sekondale ndi wa amayi ndi abambo amene ali pachimake pa mphamvu zothyola tiyi. Kafukufuku wa padziko lonse anawerengera odwala pafupifupi 6.8 miliyoni mu 2017.

Khalidwe lake limodzi tiligwiritsitse, chifukwa chigamulo cha swaumu chatsamira pomwepo: matendawa amabuka, nkugona, nkudzabukanso. Miyezi ina munthu ali bwinobwino, akulima, akusewera mpira. Kenako popanda kutsanzika, chimbudzi kasanu, kakhumi pa tsiku, chonanda, cha magazi, usiku osagona, thupi kumangotsika. Ndiye anthu amati: "Chaka chatha anasala mwezi wonse, chaka chino wayamba ulesi." Thupi la chaka chatha silo la chaka chino.

Tisathamangire kudziyeza tokha. Kuno ku Thyolo munthu wa zizindikiro zoterezi angakhale ndi kamwazi, likodzo la m'matumbo, TB ya m'matumbo, matenda obwera chifukwa cha HIV, ngakhale khansa, ndipo zambiri mwa izi ndi zofala kuposa IBD. TB ya m'matumbo imafanana kwambiri ndi Crohn's moti ngakhale akatswiri amasamala posiyanitsa, pakuti mankhwala ochepetsa kutupa kwa Crohn's amatsitsa chitetezo ndipo angaikulitse TB. Njira yake ndi kuyezetsa chimbudzi ndi magazi, kuyambira pa chipatala chaching'ono chapafupi, kupita pa boma ku Thyolo kapena ku Malamulo ku Makwasa, ndipo zikafunika kutumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre kumene amaunika m'matumbo ndi kachubu kokhala ndi kamera nkutapa kanyama kukayeza. Ulendowo ndi wodula kwa munthu wolandira malipiro a pa esiteti. Tikuganiza kuti pamene misikiti yathu ikusonkha za futali ya pagulu, thiransipoti ya wodwala wotere iyenera kukhala pa mndandanda womwewo.

Pali chinanso chimene chimawabisa anthuwa. Boma lathu linaona maliro ambiri a Edzi; bungwe la MSF linayamba ntchito kuno mu 1997, ndipo ma ARV anayamba kuperekedwa mu 2003. Chikumbumtima chimenecho chinatisiyira diso loipa. Munthu akangoonda nkumatsegula m'mimba, timamuyeza ndi maso pa chitsime, nkumupatsa zotsatira tisanafike kunyumba. Zikhale zoona kapena zabodza, ndi miseche basi, ndipo wosala amene pakamwa pake pauma ndi ludzu koma pali nyama ya m'bale wake adzifunse kuti wasala chiyani.

Tsopano kadyedwe kawo, kamene ndi mtima wa nkhaniyi. Munthu akadya, thumbo lalikulu limadzuka nkuyamba kukankha. Ndi chilengedwe cha aliyense. Kwa wa thumbo lotupa, kukankhako ndi kwadzidzidzi ndipo sikudikira. Taganizani mayi amene ali pakati pa munda wa tiyi, dengu kumsana, mvula ikuwaza, anzake ali mbali zonse, chimbudzi chili kutali, ndipo ulendo uliwonse wopita kumeneko ndi makilo amene sakafika pa sikelo. Amaphunzira msanga njira imodzi yodzitetezera: kusadya. M'mawa amachoka ndi madzi okha. Masana, nsima ndi nyemba zikabwera, amati wakhuta. Pansi pa ndondomeko ya Malawi Tea 2020, maesiteti anayamba kugwiritsa ntchito ufa wowonjezeredwa mavitamini pa chakudya cha masana cha antchito, chinthu chabwino ndithu; koma ufa umenewo suthandiza munthu amene akuopa kuuika mkamwa. Mwana wa sukulu amachita chimodzimodzi: sadya asanalowe m'kalasi kuopa kupempha kutuluka katatu pa phunziro limodzi anzake akuseka. Wa ulendo wa minibasi wopita ku Limbe sadya kuyambira dzulo lake.

Ndiye kuti anthu awa amasala kale chaka chonse, osati chifukwa cha ibada koma chifukwa cha mantha a chimbudzi. Ramadhan imawapeza nkhokwe ya thupi ili kale mbee. Ndipo zaka zino mweziwu wakhala ukugwa mu February ndi March, nthawi imene tiyi waphuka kwambiri ndipo ntchito ili pa moto, nthawi yomweyonso chimanga chakale chatha, chatsopano sichinaume. Maola oposa 13 opanda dontho la madzi, kwa munthu amene akutaya madzi kasanu ndi kawiri pa tsiku, ndi njira yopita ku bedi la chipatala. Impso zimavulala, ndipo odwala IBD matenda akabuka amakhala kale pa chiopsezo cha kuundana kwa magazi m'mitsempha, chimene kuuma kwa thupi kumachikulitsa.

Chizolowezi chachiwiri ndi kudzisalitsa zakudya chimodzichimodzi. Lero wadya nyemba, m'mimba mwapota, nyemba zachotsedwa. Mawa nkhwani, wachotsedwa. Azakhali abwera, aletsa mazira. Aneba aletsa nsomba. Pakutha pa chaka munthu watsala ndi phala lamadzimadzi ndi tiyi. Apa timawapha ndi chikondi. Thupi lokhala ndi zilonda limafuna chakudya chomanga thupi chochuluka kuposa thupi la bwino, osati chochepa; akatswiri a zakudya amalangiza magalamu 1.2 mpaka 1.5 a puloteni pa kilo iliyonse ya kulemera kwa munthu tsiku lililonse matenda akabuka. Chakudya chimene chapweteka nthawi ya kutupa sichinayambitse kutupako. Chili ngati mchere pa bala: umawawa, koma sunacheke ndiwo. Bala likapola, mchere umabwerera m'ndiwo.

Kotero pali kadyedwe kawiri, ndipo banja liyenera kudziwa kuti lero tili pa kati. Matenda akabuka, chakudya chikhale chofewa, pang'onopang'ono, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku m'malo mwa mtanda waukulu kamodzi. Pano pali chodabwitsa kwa ife amene tinaphunzira ku sukulu kuti mgaiwa ndiwo thanzi. Nzoona kwa munthu wa bwino; koma kwa thumbo la zilonda gaga amakanda, ndipo masiku amenewo nsima kapena phala la ufa woyera ndi mpunga wofewa ndizo zimalandirika. Mbatata yosenda yophika mpaka kuphwanyika, dzungu, nthochi yakupsa, papaya, peyala, zonsezi boma lathu lili nazo. Dzira lowiritsa, nsomba yophika m'madzi osati yokazinga, nkhuku yochotsa khungu ikapezeka. Usipa kapena matemba akhoza kusinjidwa nkuthiridwa m'phala. Mtedza wokazinga wotafuna umavuta, koma nsinjiro zosefa bwino ambiri amazilandira, ndipo zimawonjezera mphamvu m'phala. Zoyamba kuziika pambali ndi makoko a nyemba ndi nandolo, chimanga chootcha, chigwada ndi masamba a mitsitsi yolimba, nzimbe, zokazinga m'mafuta ambiri, kambuzi, ndi zakumwa za gasi. Amene dokotala wamuuza kuti thumbo lake lachepa njira asamale koposa ndi zolimba ndi za ulusi ngati mango a ulusi ndi nanazi, chifukwa zingatseke njira. Mkaka, umene timauyesa mankhwala a m'mimba monse, kwa ena umawonjezera kutsegula. Kwa ena ulibe vuto. Kope laling'ono lolembamo chimene wadya ndi chimene chachitika limaphunzitsa zambiri kuposa malangizo a mudzi wonse.

Matenda akagona, zakudya zibwerere, chimodzi pa nthawi, pang'ono poyamba. Nyemba zosenda makoko nkuzipota ngati chipere, masamba ophikidwa mpaka kufewa, kenako mgaiwa. Cholinga ndi kubwerera ku mbale ya banja lonse.

Tinenepo za tiyi, popeza ndiye amatidyetsa. Odwala matendawa ambiri amachepa magazi, chifukwa amawataya m'chimbudzi komanso thumbo lotupa silitenga bwino ayironi. Tiyi ali ndi zinthu zimene zimamanga ayironi wa m'masamba ndi nyemba kuti asalowe m'thupi, makamaka akamwedwa pamodzi ndi chakudya. Nanga kuno futali timatsegula ndi chiyani? Tiyi wakuda bii, kapu yaikulu. Dakwi timatseka ndi chiyani? Tiyi yemweyo. Kwa wochepa magazi, tiyi adikire ola limodzi kapena awiri chakudya chitadutsa, ndipo pa chakudyapo pakhale chipatso kapena madzi a ndimu, zimene zimathandiza ayironi kulowa. Tiyi wamphamvu amafulumizitsanso matumbo, chinthu chimene wodwalayu sakuchisowa.

Mphasa yathu ya futali nayo tiiyang'ane moona mtima. Futali weniweni wa makolo athu, mbatata kapena chinangwa chophika ndi nsinjiro, ndi chakudya chofatsa. Lero pambali pake pafika mandasi, samusa, zibwente, tchipisi, zonse zotuluka m'mafuta omwe akazingira kachitatu, nkutsitsira ndi majusi a ufa a mitundu yowala. Tsiku lonse m'mimba muli gwa, kenako m'mphindi khumi zonsezi zagweramo. Wa bwino amangogona Taraweh isanayambe. Wa thumbo lotupa amachezera kuchimbudzi. Dokotala Denis Burkitt, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Uganda, anaona kuti matenda ambiri a m'matumbo ofala ku Ulaya anali osowa m'midzi ya mu Africa, ndipo m'zaka za m'ma 1970 analimbikira kunena kuti kadyedwe ka zakudya zosakonzedwa ku fakitale ndiko kamateteza. Mu 2021 magazini ya zachipatala ya BMJ inasindikiza kafukufuku wa anthu oposa 116,000 m'mayiko 21, amene anapeza kuti odya zakudya za m'mapaketi ndi zakumwa za shuga kasanu kapena kuposa pa tsiku anali ndi chiopsezo cha IBD chokwera ndi 82 peresenti poyerekeza ndi amene sankafika kamodzi pa tsiku. Kafukufuku wotere amaonetsa kuyendera limodzi kwa zinthu ziwiri, sagamula kuti paketi imodzi ndiyo yadwalitsa munthu. Komabe matendawa akukwera m'mayiko amene kadyedwe kakusintha, ndipo aliyense amene waona zimene ana athu amagula pa geti la sukulu akudziwa kumene tikulowera. Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam), mu Hadith imene ili mwa Tirmidhi, anatiphunzitsa kugawa mimba patatu, chakudya, chakumwa ndi mpweya. Timaiwerenga kwambiri mu Ramadhan, ndipo ndi mwezi womwewo umene timaiphwanya kwambiri.

Tibwere ku Fiqh. Ndime 184 ndi 185 za Surah Al-Baqarah, zomwezo zimene zikulamula swaumu, zikutchula wodwala ndi wa paulendo kawiri konse, kuwapatsa masiku ena obwezera, ndipo zikufotokoza kuti chimene Allah akutifunira ndi kupepukidwa. Chilolezocho sichinabwere pambuyo ngati chigamba. Chinatsika pamodzi ndi lamulo. Ma Ulama anafotokoza kuti matenda ololeza kumasula ndi amene swaumu ingawakulitse, ingachedwetse kuchira kwake, kapena ingabweretse mavuto osapiririka. Ndipo pamene pali mantha a imfa kapena kuonongeka kwa chiwalo, kumasula kumasanduka chikakamizo. Madh-hab ya Imam Shafi'i, imene ambiri a ife timatsata, inalowanso mwatsatanetsatane pa matenda obwera ndi kupita. Ngati matenda ali osalekeza, munthu sayenera nkuchita niya usiku komwe. Ngati ali odukizadukiza, ayang'ane mmene alili kusanache: akakhala kuti amugwira nthawi imeneyo, asiye, akakhala bwino, achite niya, ndipo akamubwerera masana amasule. Anthu amene analemba izi zaka mazana apitawo sanamve dzina la Crohn, koma anamudziwa munthu wodwala.

Mu Sahih Muslim muli nkhani ya ulendo wopita kukatsegula Makka, mu Ramadhan ya chaka cha 8 Hijra. Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) atamva kuti swaumu yawalemera anthu, anaitanitsa madzi, nawakweza kuti onse aone, namwa dzuwa lisanalowe. Atauzidwa kuti ena apitirizabe kusala, anawatcha onyoza lamulo. Taonani kuti sanamwe mobisa. Iye amene analibe wofanana naye pa Imani anadziika poyera kuti ofooka asachite manyazi. Ife timafuna mtsikana wa zaka 16 wodwala akadyere kuseri kwa bafa.

Tikudziwa zimene ena anena. Adzati swaumu imachiza, ndipo adzatchula mawu otchuka aja olumikiza kusala ndi thanzi. Akatswiri a Hadith, monga Al-Iraqi kale ndi Al-Albani posachedwapa, anati unyolo wake ndi wofooka. Kusala kuli ndi ubwino ku matupi ambiri, sitikukana, koma sitisala kuti tichire. Timasala chifukwa talamulidwa, ndipo Wolamulayo ndi amene wamupatula wodwala. Ena adzatchula Hadith yoona ya munthu amene m'bale wake anatsegula m'mimba nalangizidwa kumumwetsa uchi. Ibn al-Qayyim, pofotokoza Hadith imeneyi mu Zad al-Ma'ad, anati kutsegula kwa munthu uja kunachokera ku kudya mopyola muyeso, ndipo anatsindika kuti mankhwala ayenera kulingana ndi matenda ake ndi muyeso wake. Uchi ndi dalitso, habbat sauda ndi dalitso. Koma amene akuuza wodwala kuti ataye mankhwala a kuchipatala chifukwa cha botolo limene iye akugulitsa, aope Allah. Dandaulo lokhalo limene tikuliona kuti ndi lolemera ndi ili: tikatsegula khomo, aulesi adzalowera pomwepo. Adzalowadi ena. Koma swaumu ndi ibada imene ngakhale wabodza akhoza kuinamizira tsiku lonse pamaso pathu. Sitinaikidwe kukhala alonda ake. Kulakwitsa pokhulupirira waulesi mmodzi nkopepuka kusiyana ndi kukankhira wodwala mmodzi ku drip.

Palinso nkhani ya twahara, imene imawathamangitsa anthuwa ku msikiti mwakachetechete. Munthu amene mphepo kapena chimbudzi chimatuluka osatha kuchigwira amaganiza kuti Swala yake siilandiridwa, ndiye amasiya Jamaah, kenako Jumu'ah, kenako Swala imene. Fiqh ili ndi khomo la munthu wa chowiringula chosalekeza: nthawi ya Swala ikalowa adziyeretse, adzitchinjirize ndi kansalu, achite wudhu, aswali mosachedwa, ndipo chotuluka pambuyo pake mosafuna sichimuonongera Swala imeneyo. Amabwereza pa Swala ya faradhi iliyonse. Tsatanetsatane wake akhale pansi ndi Sheikh amufotokozere malinga ndi mmene vuto lake lilili. Taraweh ndi Sunnah. Akaswali marakaa anayi nkutuluka, kapena akaima mzere wa kumbuyo pafupi ndi khomo, musamutembenukire. Ndipo makomiti a misikiti, tisanagule chimkuzamawu chachiwiri, tione ngati chimbudzi chathu chili ndi chitseko chotsekeka ndi madzi okwanira. Kwa wodwala uyu, chimenecho ndicho chimagamula ngati abwere kapena akhale kunyumba.

Kwa aphunzitsi anzathu a madrasa ndi oyang'anira ma hostel: mpikisano wa ana woti ndani wasala masiku ambiri uli ndi ubwino wake, koma mwana wodwala matumbo amalipira ndi msinkhu wake. Crohn's ikagwira mwana imachedwetsa kukula ndi kutha msinkhu. M'mayiko amene zipangizo zilipo, chithandizo choyamba cha ana otere ndi chakudya chapadera chamadzi chokhachokha kwa masabata 6 mpaka 8, ndiko kuti chakudya chenichenicho ndiye mankhwala. Mwana wotere kumuchotsera chakudya maola 13 kuti dzina lake lilembedwe pa bolodi si tarbiya.

Nanga amene matenda ake agona, thupi labwerera, ndipo mtima wake ukulakalaka kusala? Ambiri otere amasala bwinobwino, Alhamdulillah, ndipo sitikuwaletsa. Aonane ndi achipatala mwezi usanayambe, kuti nthawi za mankhwala zisunthidwe mwadongosolo kupita ku dakwi ndi futali. Prednisolone samwedwa m'mimba mopanda kanthu ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi. Amene akadali pa mlingo waukulu wa mankhwalawa adziwe kuti matenda ake sanagone. Mutu ukawawa madzulo apewe brufen ndi diclofenac, amene amadziwika kuti amadzutsa matendawa. Panado ndiye wofatsa. Wosuta fodya adziwe kuti fodya amakulitsa Crohn's, ndipo mwezi uno ndi mpata wosiyiratu. Jakisoni wa mankhwala amene si chakudya samasula. Bungwe la International Islamic Fiqh Academy linagamula choncho pa msonkhano wake ku Jeddah mu 1997. Amasule ndi madzi ndi tende kapena nthochi, aswali Maghrib, adye pang'ono, adyenso pang'ono pambuyo pa Taraweh, ndipo dakwi asaiphonye ndiponso aichedwetse, monga Sunnah ikunenera. Madzi amwe pang'onopang'ono usiku wonse. Koma akaona magazi abwerera, chimbudzi chachuluka, chizungulire poimirira, mkodzo wochepa wakuda, kutentha thupi, kapena kusanza ndi mimba yotupa, amasule nthawi yomweyo ngakhale patsala theka la ola kuti adhana imveke. Thanzi ORS akhale m'nyumba. Akasowa, lita imodzi ya madzi aukhondo, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, kenako ulendo wa kuchipatala.

Za kubweza. Popeza matendawa amagona, odwala ambiri ali m'gulu la obweza masiku, osati la opereka fidya. Mayi Aisha (Radhiya Allahu anha) ankabweza masiku awo mpaka mu Sha'ban, kusonyeza kuti mpata ndi wa chaka chonse, ndipo sikofunika kuwabweza mondondozana. Kuno Allah anatipatsa June ndi July: masiku afupi, chiperoni chaphimba mapiri, thukuta kulibe, tiyi wachepa m'munda, chimanga ndi mbatata zili m'nyumba. Tsiku limodzi kapena awiri pa sabata m'miyezi imeneyo ndi kupitirira, ngongole imatha. Ngati matenda apitirira mpaka Ramadhan ina osapereka mpata, palibe tchimo pa kuchedwako.

Fidya ndi ya amene dokotala wodalirika wanena kuti kusala sadzakuthanso, monga mmene Swahaba Anas ibn Malik atakalamba ankadyetsera osauka m'malo mwa kusala. Kwa a Shafi'i ndi muddi umodzi wa chakudya chodalirika cha m'deralo pa tsiku lililonse, manja awiri odzaza a munthu wa msinkhu wapakati, magalamu pafupifupi 600 mpaka 700. Mwezi wonse ndi makilo pafupifupi 20 a chimanga kapena mpunga. A Hanafi muyeso wawo ndi wokulirapo, ndiye abale amene anaphunzira kapena kugwira ntchito ku South Africa akatchula nambala ina musakangane nawo. Amene ngakhale makilo 20 amenewo alibe, ndipo m'malaini a pa esiteti alimo otere, asakatenge katapila chifukwa cha fidya. Akaonane ndi Sheikh wa pa msikiti wake, ndipo dzina lake likhale pakati pa olandira Zakaatul Fitr isanaswalidwe Eid.

Allah awachize odwala athu, ndipo atilandire swaumu yathu ndi yawo imene adzabweze. Ameen.